A Vernon, Msilikali wa Kumchira kwa Ndege

Tadala ndi Yamikani, ana anga, adokotala anena kuti msana wanga watha, ndisamanyamulenso anthu. Ndiye ntchito ndapuma ndisanakwanitse n'komwe zaka makumi asanu. Ndimangokhala m'nyumba muno ku Greenbelt, kutali ndi kwathu ku Malawi, kuwerenga magalimoto pawindo, ndiye ndaona kuti bola ndilembe zimene ndinaona pa ntchitoyi. Ndikulemba m'Chichewa dala. Mukamandiyankha m'Chingerezi ndimangokusiyani, koma apa muvutikeko pang'ono. Sukulu ndinalekera Sitandade 8, pamene ndalakwitsa mungodumphapo. Mayina ena ndasintha.

Chaka choyamba, ku Springfield

Ntchito yanga yoyamba inali ya m'nyumba ya munthu. Anandipezera ndi amayi ena akumpingo, ndipo ndinkasamalira mayi wokalamba amene anafa ziwalo mbali imodzi. Inu munali ku Kasungu kwa agogo anu, iwe Yamikani usanathe n'kutchula dzina langa lomwe. Ndinkagona kachipinda kapansi pafupi ndi makina ochapira, ndipo kuzizira kwa chaka chimenecho ndikukumbukirabe m'mafupa. Mayiwo sankalankhula koma ankatsina. Kwa iwowo ndi kumene ndinaphunzira kutembenuza munthu pabedi, kumusambitsa osamuchititsa manyazi, kupera mapiritsi n'kuwasakaniza m'phala la maapozi. Loweruka ndinkakwera mabasi awiri kupita ku kalasi ya setifiketi yosamalira odwala. Mayeso ndinalephera ulendo woyamba chifukwa ndinaiwala kugogoda pa chitseko ndisanalowe, chonsecho chitsekocho kunalibe, pabedi panali chidole. Ulendo wachiwiri ndinagogoda mphepo mwamphamvu, n'kukhoza. Mayiwo atamwalira, ana awo anandipatsa jekete lawo laubweya n'kundiuza kuti pofika Lachisanu ndikhale nditasamuka. Ndi jekete lija mumaliseka lija.

Chaka chachinayi, ku Gaithersburg

Nditazungulirazungulira m'nyumba za anthu, ndinalembedwa pa nyumba ina yosungirako okalamba ku Gaithersburg, shifiti yam'mawa. Antchito sitinkakwana. Munthu mmodzi unkapatsidwa okalamba oti anthu awiri akanatopa nawo, ndipo masiku ena magolovesi ankatha, tinkabisa m'matumba a yunifomu ngati mtedza. Nesi wamkulu anali a Denise, mayi wamtali, wosaseka wamba, koma osati woipa mtima. Mawu awo anali amodzi tsiku lililonse: "Chimene sichinalembedwe sichinachitike." Mnzanga wapamtima anali ba Mutinta a ku Zambia, amene anandiphunzitsa kudya nditaimirira.

Tsiku loyamba anationetsa vidiyo ya malamulo. Limodzi linali lakuti wilitcheya sitikoka chafutambuyo. Munthu azikankhidwa akuona kumene akupita, chifukwa si thumba la chimanga. Ine lamuloli ndinagwirizana nalo, ndipo mpaka lero ndimati ndi labwino.

A Vernon anabwera miyezi ingapo ine nditayamba. Anali ndi zaka zopitirira 90, ochepa thupi, makutu akuluakulu, mutu unkapita n'kumabwerera. M'chipinda mwawo anali munthu waulemu kwambiri, ukawapatsa madzi ankathokoza kawiri. Koma ukangowaika pa wilitcheya kuti uwakankhe kupita kodyera, ankasanduka munthu wina. Ankagwira mateyala mpaka zala kusupuka, khosi kulipotoza kufuna kuona kumbuyo, akukuwa kuti, "Kumbuyo kulibe munthu! Kumbuyo kulibe munthu!" Tsiku lina anathyola magalasi a ba Mutinta.

"Mudala uyu ni nkhondo," anatero ba Mutinta akutola zidutswa. "Nauza kuti kumbuyo kuli ine, koma samvela."

M'faelo mwawo analembamo kuti ndi wovuta, ndipo adokotala analamula kapiritsi kowafooketsa nthawi ya chakudya isanakwane. Akamwa, tinkawakankha bwinobwino, mutu uli pendekete, dovu likutsika, n'kukagona pamaso pa mbale ya supu. Thupi linayamba kutha.

Tsiku lina nesi anachedwa ndi kapiritsi kaja, ine ndinali ndi anthu ena odikira, ndiye ndinangoti Mulungu andithandize, ndiwakankhe choncho. Titangotuluka, nkhondo inayamba. Kutsogolo kwathu wina anali atasiya ngolo ya zovala zakuda itatseka kolido yonse. Potembenukira panalibe, ndiye ndinakoka wilitcheya chafutambuyo kuti ndikalowere njira ina. Ndinangomva zii. Ndinaima kuti mwina akomoka. Ayi ndithu. Anali atakhala tsonga, msana uli chilili, manja awiri kutsogolo ngati agwira zigwiriro, maso akuyenda pang'onopang'ono kuchokera kudenga kumanzere mpaka kudenga kumanja. Ndinayang'ana uku ndi uku, kunalibe munthu. Ndinawakoka choncho mpaka kodyera. Tsiku limenelo anamaliza mbale yonse n'kupempha buledi wina.

Lamlungu kunabwera mwana wawo, a Carol, mayi wa imvi kale. Ndinawafunsa mozemba ngati bambo awo ankakonda kuyenda chafutambuyo. Anatsegula kabati n'kutulutsa chithunzi. Panali anyamata khumi ataima pansi pa ndege yaikulu, atavala majekete onenepa. Analoza wamng'ono pa onse, wa makutu aja.

"Awa ndi bambo, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ndege yawo inali yoponya mabomba. Iwo ankakhala kumchira kwenikweni, okhaokha, ndi mfuti ziwiri, kuyang'ana kumbuyo kuti adani asawadzidzimutse. Nkhondo yonse anauluka chafutambuyo."

Anati bambo awo za nkhondo sankakamba, koma chinthu chimodzi ankasewera nacho iwo ali ana. Kumwambako mpweya ndi wochepa, aliyense ankapumira m'paipi, ndipo paipiyo ikaundana munthu ankangogona osadzukanso, anzake osadziwa. Ndiye pakapita kanthawi mmodzi wa kutsogolo ankaitana aliyense pa wailesi, mmodzimmodzi, kuti amve ngati ali moyo. A Carol anawerama pa khutu la bambo awo n'kunena kuti, "Kumchira?"

Mkulu uja, amene m'mawa womwewo sanamuzindikire mwana wakeyo, anayankha ndi mawu a mnyamata: "Kumchira kuli bwino."

Nyengo yozizira ya chaka chomwecho

Nkhani zawo ndinazimva powameta ndevu. M'mawa mutu wawo unkakhala bwino, ndipo munthu ukamugwira chibwano ndi madzi ofunda amamasuka. Anakulira pa famu ya ng'ombe zamkaka ku Pennsylvania, ndipo anapita kunkhondo asanakwanitse zaka makumi awiri. Anawasankha kumchira chifukwa anali ochepa thupi. Ankanyamuka ku England kukaponya ku Germany. Ankati kumchirako unkachita kukwawa kuti ukafike, n'kukhala pa kampando konga ka njinga, maondo atapinda, maola ambirimbiri. Kuzizira kwake ankati ukavula golovesi n'kukhudza mfuti, khungu limatsalira pomwepo. Switi imene ankawapatsa inkauma ngati mwala, ankaiika kukhwapa kuti ifewe.

Ine ndinawafunsa tsiku lina, mwa umbuli wangawu, kuti kodi sankasirira anzawo okhala kutsogolo.

"Esnati," anatero, thovu lili kumaso, "anzanga ankaona kumene tikupita. Ine ndinkaona zimene tachita."

Ankati mzinda unkatulukira pansi pawo utayaka kale. Ndege ya anzawo ikawomberedwa n'kumatsalira, woiona mpaka pansi anali iwo, ndipo ntchito yawo ina inali kuwerenga anthu amene adumpha ndi maparachuti, kuti akanene pobwerera. Ankawerenga mokweza. Nthawi zina ndikuwameta ankayambanso, "Mmodzi, awiri, atatu... tiyeni anyamata, tulukani," n'kudikira, n'kudikira. Ine lezala ndinkaligwira m'mwamba mpaka amalize.

Ndinawauza za agogo anga aamuna, amene anatengedwa ndi azungu kukamenya nkhondo yomweyo ku Burma, n'kubwerako ndi nsapato ndi chifuwa, ndipo nawonso sankakamba kanthu. A Vernon anati, "Ndiye kuti iwe ndi ine ndife a gulu limodzi." Ndinawauzanso kuti kwathu tikakwera matola timakhala kumbuyo kwa lole, ndipo tsiku limene ndinkachoka ku Kasungu ndinakhala choyang'ana kumbuyo, kukuonani inu awiri muli ndi agogo anu mukucheperachepera mpaka fumbi linakukwirirani. Iwo anagwedeza mutu. Sanandiuze kuti ndisalire, anangondipatsa thaulo lawo lometera.

Nkhondo itatha anakwatira, n'kugwira ntchito yokonza masikelo ndi makina oyezera zinthu pa malo a boma komweko ku Gaithersburg mpaka kupuma. Ankati anaikonda ntchitoyo chifukwa sikelo ukaikonza imakhala yakonzeka basi.

Za Eddie anandiuza kamodzi kokha. Eddie anali mnzawo wogwira mfuti ya pakati pa ndege, wokonda kuimba, ndipo ankagona mabedi oyandikana. Tsiku lina ali m'mwamba, a Vernon anamva fungo la utsi kuchokera mkati mwa ndege. Anatembenuka kuti aone ngati kwayaka moto. Ankati sikunali kutembenuka kwa nthawi yaitali, kungocheuka basi. Pobweza maso, kandege ka adani kanali katafika kale, kakulavula moto. Atakathamangitsa, wa kutsogolo uja anayamba kuitana mmodzimmodzi. Kumchira kunayankha. Pa Eddie panali zii. Anaitana katatu.

"Palibe anadziwa kuti ndinacheuka," anatero. "Ngakhale mkazi wanga. Usamuuze Carol."

Ndinalonjeza. Ndinamvetsa tsopano chifukwa chake munthuyu sankalola kuti kumbuyo kukhale kopanda woyang'ana.

Sabata yomweyo a Denise anandipeza ndikuwakoka. Anandiitanira mu ofesi.

"Esnati, vidiyo ija unaionera?"

"Ndinaionera."

"Nanga n'chifukwa chiyani ukumukoka munthu ngati ngolo?"

Apa ndi pamene ndinalakwitsa, ana anga, ndipo ndikufuna mumve bwino. Kwathu bwana akakufunsa kuti n'chifukwa chiyani, sikuti akufuna yankho. Ukayamba kufotokoza ndiye kuti ukuchita makani, ukumuuza kuti iye ndi amene sadziwa ntchito. Umagwetsa nkhope n'kupepesa, mkwiyo udutse. Komanso ndinkaopa kuti ndikatsegula pakamwa za kumchira, mafunso adzafika pa Eddie, ndipo chinsinsi cha munthu wamkulu suchiyanika pa ofesi. Ndiye ndinati, "Pepani, sindidzachitanso." A Denise anadikira. Ine maso pansi. Anandipatsa pepala la chenjezo, ndinasaina.

Koma sindinasiye. Ndinkawatenga mofulumira a Denise ali pa msonkhano wam'mawa, kudutsira kolido yakuseri ya kochapira. Nesi wa mapiritsi ndinkangomuuza kuti lero ali bwino, kapiritsi sikakufunika, iye n'kusangalala kuti ntchito yachepa. Tikafika pakati pa njira ndinkanong'ona kuti, "Kumchira?" Iwo, "Kumchira kuli bwino." Masaya anayamba kubwerera. Ine ndinkadziona wanzeru.

Sabata ya oyendera

Oyendera a boma sanena tsiku lobwera. Umangoona anthu achilendo a malaputopu ali pakhomo, ndipo amakhala masiku angapo akusuzumira paliponse, m'mafiriji, m'mafaelo, ngakhale zikhadabo za okalamba. M'mawa umenewo a Denise anatisonkhanitsa. Pomaliza anandiyang'ana ine.

"Esnati, iwe uli kale ndi pepala limodzi. Pepala lachiwiri ndi khomo, ntchito yatha, ndipo nkhani yozunza wokalamba imakafika pa setifiketi yako. Wandimva?"

Ndinamva. Nthawi imeneyo mapepala oti inu mubwere kuno anali mkati, ndipo ankafuna kalata yoonetsa kuti ndili pa ntchito. Popanda setifiketi palibe akanandilembanso. Zaka zinayi ndinali ndisanakugwireni m'manja. Iwe Tadala pafoni unali utayamba kundilankhula mwaulemu ngati mlendo.

Kolido yakuseri anaikhoma chifukwa cha mankhwala ochapira. Njira inatsala imodzi, yodutsa pa tebulo la manesi.

"Iwe amake Tadala, mvela," anatero ba Mutinta tikupinda mashiti. "Masiku yatatu chabe. Musiye mudala mu chipinda, ulembe kuti akana kuyenda. Olo uza nesi amupase ka piritsi. Bana bako bali ku Malawi, iwe ufuna kufela wilitcheya?"

Sanalakwe ba Mutinta. Tsiku loyamba ndinawasiya m'chipinda, chakudya ndinawapititsira pa thireyi, ndinalemba kuti akana. Linali bodza loyamba kulemba ndi dzanja langa pa ntchito. Sanadye. Tsiku lachiwiri ndinawapeza atavala okha kapusi kawo ka asilikali akale, atakhala m'mphepete mwa bedi.

"Lero sitiuluka?"

"Lero ayi, bambo Vernon. Kunja sikuli bwino."

Anayang'ana pawindo. Dzuwa linali phwee. Thireyi inabwerera momwe inapitira.

Tsiku lachitatu ndinalowa ndi thireyi, ndinawapeza kapusi kali m'manja. Anandiyang'ana ndi maso oyera bwino, osati a munthu wosokonezeka.

"Anditsitsa m'ndege eti? Adziwa za Eddie."

Thireyi ija ndinaiika pansi. Ndinaganiza za inu, sindikunama, nkhope zanu zinabwera zonse ziwiri. Ndinaganizanso kuti munthu uyu wasenza chinthu chimenechi zaka zonsezi, anandipatsa ine ndekha kuti ndimusungire, ndipo lero akuganiza kuti ndamuulula ndipo alandira chilango. Mawa mwina mutu ukanaiwala, koma mwina ayi. Kodi ndikanamuuza chiyani? Kuti dikirani alendo apite? Sindinganene kuti ndinalimba mtima. Ndinangoona kuti thireyi ija sindingathe kuinyamulanso kachitatu.

"Palibe wakutsitsani," ndinatero. "Valani kapusi. Tikunyamuka."

Ndinawakweza pa wilitcheya, ndinaitembenuza, n'kutuluka chafutambuyo. Ba Mutinta atationa anangoti, "Yesu," n'kulowa m'chipinda cha wina. Tinadutsa zitseko zinayi. Pa tebulo la manesi panali a Denise ndi mayi mmodzi wa oyendera aja, wamfupi, wa magalasi pamphuno. Tinawadutsa. Mayi uja ananyamula laputopu yake n'kuyamba kutitsatira, ndiye kuti anali maso ndi maso ndi a Vernon.

A Vernon anakweza manja aja n'kukuwa kolido yonse kumva: "Wina akubwera kumbuyo, cham'munsi! Wanyamula chinthu!"

Mayi uja anaima. "Mayi, taimani kaye. N'chifukwa chiyani mukuwakoka chafutambuyo bambowa?"

Pepani anali atafika kale pamilomo. Ndinamumeza. Chingerezi changa chimathawa ndikachita mantha, ndiye ndinati bola aone okha. Ndinawerama n'kunena mokweza, "Kumchira?"

"Kumchira kuli bwino!"

Kenako ndinafotokoza, mawu akugwa n'kudzuka. Ndinati bambowa anali msilikali wa kumchira kwa ndege, nkhondo yonse anayang'ana kumbuyo kuteteza anzawo, mukawakankha chakutsogolo amaona ngati asiya ntchito yawo, amamenya, ndiye amapatsidwa mankhwala, ndiye sadya. Za Eddie sindinatchule.

Mayi uja anagwada pang'ono kuti alingane nawo. "Bambo, mumakonda kuyenda chonchi?"

"Mayi, tachokani pamenepo," anatero a Vernon mwaulemu. "Mukunditchingira."

Anachoka ndithu, akubisa kuseka. Ine mtima unayamba kutsika. Koma anatembenukira kwa a Denise n'kufunsa ngati zimenezi zinalembedwa m'faelo ya chisamaliro chawo. A Denise anati ayi, akuzimva koyamba. Mayi uja anandifunsa ine kuti ndazidziwa liti. Ndinati miyezi isanu yapitayo. Kuseka kuja kunatha, anayamba kulemba.

Mu ofesi a Denise sanakuwe. Bola akanakuwa.

"Miyezi isanu, Esnati. Ndinakufunsa pampando womwewo kuti n'chifukwa chiyani. Unati pepani."

"Kwathu bwana sitimuyankha."

"Kuno ndikafunsa ndimafuna yankho! Umapuma masiku awiri pa sabata. Ukuganiza kuti masiku amenewo bambowa amapita bwanji kodyera?"

Anatsegula faelo n'kuitembenuzira kwa ine. Tsiku lililonse limene ine kunalibe, kapiritsi kaja kanalembedwa. Lachiwiri lina analemba kuti anasupuka zala. Ine ndinkabwera Lachitatu n'kumadabwa mabandeji, osafunsa. Ndinkadziyesa mpulumutsi wawo, chonsecho kukhala chete kwanga kunkawapweteka kawiri pa sabata, miyezi isanu. Pa zonse zimene ndinalakwitsa pa ntchito, ichi ndi chimene chimandiwawabe.

Anandiimitsa masiku atatu kuti akuluakulu akambirane. Ndinakhala m'kachipinda kanga, foni ya agogo anu ikuitana, ine osayankha chifukwa ndinalibe chowauza. Tsiku lachinayi anandiitana. A Carol anali atabwera ndi chithunzi chija n'kukachiika pa tebulo la manejala. Adokotala anachotsa kapiritsi, n'kulemba m'faelo kuti a Vernon azikokedwa chafutambuyo nthawi zonse. Ine anandipatsa pepala lachiwiri, osati la kukoka koma la kusanena ndi la bodza lija ndinalemba, ndipo anati silipita pa setifiketi. Ngakhale linali lachiwiri, ntchito sanandichotse. A Denise anamata okha kapepala kuseri kwa wilitcheya kouza aliyense kuti aziwakoka chafutambuyo. Potuluka anandifunsa kuti, "Pali chinanso chimene ndiyenera kudziwa za bambowa?" Ndinaganiza kanthawi. Ndinati chokhudza chisamaliro chawo palibe. Anandiyang'ana, n'kungoti chabwino.

Kuyambira pamenepo aliyense ankawakoka. Ndinamvapo ba Mutinta, magalasi atsopano ali pamphuno, akukuwa m'kolido m'Chinyanja chawo, "Imwe ba kumuchila, muli bwanji uko?" Ndipo mkulu uja, amene sankadziwa liwu limodzi la Chinyanja, anayankha kuti kuli bwino.

Chilimwe chotsatira

Chibayo chinawagwira kunja kukutentha. M'mawa wina ndinawapeza akupuma movutika, milomo itada, ndipo a Denise anaitana ambulansi. Anyamata a ambulansi anawamangirira pa machira, n'kuwaika chopumira kumaso. Ine ndinkaopa kuti ayamba kulimbana nawo, koma chopumiracho anachilandira ngati chinthu chimene akuchidziwa, anachikonza okha ndi dzanja kuti chikhale bwino pamphuno. Ndinawaperekeza mpaka panja. Ndinali ndisanaganizepo, koma mu ambulansi wodwala amalowa mutu kutsogolo, nkhope kuyang'ana zitseko zakumbuyo, ndipo zitsekozo zili ndi mawindo. Ndinaona maso awo ayamba kale kuyenda, kumanzere, kumanja.

Mnyamata wina anagwira chitseko kuti atseke. Ndinati dikirani pang'ono.

"Kumchira?"

Mawu sanatuluke chifukwa cha chopumira. Anakweza chala chachikulu.

Anatseka. Ndinaima pamalo oimika magalimoto osasuntha mpaka ambulansi inakhota, chifukwa ndinkadziwa kuti akundiona ndikucheperachepera, ndipo sindinafune kuti aone nditatembenuka. Anamwalira patapita masiku awiri.

Ku maliro kunabwera asilikali awiri achinyamata, anapinda mbendera n'kupatsa a Carol, lipenga likulira. Anthu anali ochepa, kwathu tikanati mwina uthenga sunafike. Titamwazikana a Carol anandigwira mkono.

"Esnati, kuchipatala bambo ankaitana Eddie. Ukumudziwa?"

"Anali mnzawo wa m'ndege," ndinatero. "Ankakonda kuimba. Ali pa chithunzi chija, wachitatu kuchokera kumanzere."

"Basi?"

"Ankamukonda kwambiri."

Zinazo ndakuuzani inu nokha, pano, patapita zaka, mayina nditasintha. Mwina apanso ndalakwa, sindikudziwa. Koma ndinaona kuti ndikapita nazo kumanda, palibenso adzadziwe chimene mkulu uja anasenza.

Inu munafika miyezi inayi a Vernon atamwalira. Iwe Tadala unandipatsa moni wa m'manja pa bwalo la ndege, ngati ndine aphunzitsi. Ndinagwiranso ntchito zaka zambiri pambuyo pake, nyumba zina ziwiri, mpaka msana unakana, ndipo paliponse bwana akandifunsa kuti n'chifukwa chiyani, ndinkayankha mpaka atope.

Mumandiseka mu sitima kuti mipando ilipo yambiri koma amayi amasankha woyang'ana kumbuyo. Tsopano mwadziwa. Ndipo mmene msanawu ukuchitiramu, tsiku likubwera loti mmodzi wa inu adzagwire zigwiriro za wilitcheya yanga. Musadzathamangire kukankha. Mudzayambe mwandifunsa kumene ndikufuna kuyang'ana, ndipo ndikadzati pepani, mudzafunsenso.